Akasupe Asaume Ife Tikupenya: Chilengezo cha Oimirira Madzi a Pansi pa Nthaka

Ife amene tikulengeza mawu awa ndife anthu a m'zigwa zouma za kumadzulo kwa dziko la America, ku Nevada, ku Utah ndi ku California, pamodzi ndi abwenzi athu kulikonse kumene ali. Pakati pathu pali oweta ng'ombe ndi nkhosa. Pali anthu a mitundu ya Shoshone, Goshute, Paiute ndi Chemehuevi, amene makolo awo ankamwa pa akasupe amenewa mzungu asanaponde dziko lino. Pali alenje, akatswiri a za madzi, maloya, anthu a mipingo, komanso anthu a m'mizinda yomweyo imene akuti ikufuna madziwo. Pa nkhani zambiri sitimvana. Timavotera zipani zosiyana, ndipo pakati pa makolo a ena mwa ife panakhetsedwa mwazi chifukwa cha malo. Koma pa nkhani imodzi tamanga chimodzi: boma lisalole paipi yotunga madzi a pansi pa nthaka kudutsa pa malo a anthu onse lisanaunike, poyera ndi mosabisa kanthu, chimene chidzagwere chigwa chotungidwacho kuyambira tsiku loyamba kupopa mpaka zaka mazana zikubwerazo.

Sitikana kuti anthu a m'mizinda amwe madzi. Chimene tikukana ndi kauniuni wa chiphamaso, woyeza ngalande yokwiriramo paipi n'kutembenuzira nkhope kumbali pa nkhani ya madzi oyenda m'paipimo.

Khomo limene tili nalo

Dziko la kuno n'lotakata ndipo mbali yaikulu ndi ya boma. Nthambi yoyang'anira malo ya Bureau of Land Management, imene tonse timangoti BLM, imasunga mahekitala pafupifupi 100 miliyoni m'malo mwa nzika zonse. Ku Nevada kokha, malo oposa theka ali m'manja mwake. Choncho mzinda kapena kampani ikafuna kutunga madzi m'chigwa chakutali n'kuwapititsa kwina, singachitire mwina: paipi yake iyenera kuponda pa malo a anthu onse, ndipo iyenera kupempha chilolezo.

Pempho limenelo ndilo limatitsegulira khomo. Lamulo la National Environmental Policy Act, lodziwika kuti NEPA, limene Pulezidenti Richard Nixon anasainira pa 1 Januwale 1970, limalamula nthambi za boma kuti zisanavomereze ntchito yaikulu, ziunike momwe idzakhudzire chilengedwe, zione njira zina zochitira chinthu chomwecho, ndipo zilembe zonse kuti anthu awerenge. Lamuloli silitha kuletsa boma kusankha molakwika. Mphamvu yake ndi yoti boma lisankhe maso ali tseguke, anthu akuona. Kwa mlimi wa ng'ombe wa m'chigwa cha anthu mazana ochepa, amene voti yake singafanane ndi mavoti mamiliyoni a mumzinda, chikalata cha kauniuni ndi bwalo lokhalo pamene mawu ake amalembedwa ndipo wina amakakamizidwa kuwayankha.

Vuto lili apa: BLM imati iyo imangopereka njira yodutsa, za madzi amagamula ndi boma la chigawo. Boma la chigawo nalo limati ilo limangogawa madzi, za nyama, mitengo ndi madambo a pa malo a boma n'za BLM. Aliyense amaloza mnzake, ndipo kasupe amagwera pakati. Ife tikuti paipi yopanda zitsime ndi chitsulo chabe, zitsime zopanda paipi ndi maenje chabe. Ntchitoyo ndi imodzi, ndipo wotsegula njira asenze udindo wa zonse zodzayenda pa njirayo.

Zimene nthaka yatiphunzitsa

Pansi pa chipululu palibe madzi ongokhala opanda mwini. Katswiri wa za madzi Charles Theis anafotokoza zimenezi mu 1940, ndipo mpaka lero palibe wazitsutsa. Munthu asanakumbe chitsime, madzi olowa pansi kuchokera ku mvula ndi chipale chofewa cha m'mapiri amafanana ndi madzi otuluka kudzera m'akasupe, m'madambo, m'mitsinje ndi m'mizu ya zomera. Pampu ikalira, madzi ake imawapeza makamaka m'njira ziwiri: kuchepetsa nkhokwe imene inadzaza kwa zaka zikwizikwi, kapena kulanda madzi amene akanatuluka pa kasupe ndi kumwedwa ndi zomera. Aliyense amene anaonapo chitsime cha pamudzi chikuphwa mnansi atakumba mjigo wozama pafupi akudziwa kale nkhani yonse. Kusiyana kwake n'koti kuno mijigoyo ndi yambirimbiri ndipo imapopa usana ndi usiku.

Tsono akatiuza kuti adzangotenga madzi amene amatayika n'kuuluka ndi dzuwa, tiyeni timve bwino tanthauzo lake. Madzi amenewo ndi amene amakwera m'mizu ya zitsamba za greasewood zokuta pansi pa chigwa, ndi amene amasunga udzu wa m'madambo kukhala wobiriwira m'chilimwe. Kuti paipi iwapeze, madzi ayenera kutsika mpaka mizu italephera kuwafika. Zomera zikafa, nthaka imasanduka fumbi, ndipo mphepo ya kuno siisiya fumbi pansi.

Chachiwiri ndi nthawi. Madzi a pansi amayenda pang'onopang'ono, ndipo kutsika kwake kumafalikira mwakachetechete. Kasupe amene ali makilomita makumi angapo kuchokera pa chitsime angathe kutumphukabe bwinobwino kwa zaka 50, kenako n'kuyamba kuchepa. Pa tsiku limenelo ngakhale mutazimitsa mapampu onse, dzenje limene mwapanga pansi limapitirizabe kukoka madzi, ndipo kasupe amankirankira kuuma kwa zaka zina zambiri. Akatswiri John Bredehoeft ndi Timothy Durbin anaonetsa zimenezi mu 2009 pogwiritsa ntchito zigwa za kummawa kwa Nevada zomwezi. Apa mpamene pamagwera lonjezo limene timalimva pa ntchito iliyonse, loti tidzayang'anira, tikaona vuto tidzakonza. Vuto likamaoneka ndi maso, ndiye kuti linachitika kalekale. Madzi akatayika sawoleka.

Sitikuyankhula zongoganiza. Mu 1913 mzinda wa Los Angeles unatsegula ngalande ya makilomita 375 yotenga madzi a m'chigwa cha Owens. Pofika 1926 nyanja ya Owens, imene sitima zinkayendapo, inali itauma. Mu 1970 anawonjezera ngalande yachiwiri n'kuyamba kupopa kwambiri madzi a pansi, ndipo akasupe ndi madambo ambiri anatha. Bwalo louma la nyanjayo linasanduka gwero la fumbi loopsa m'mapapo, ndipo mzindawo wawononga madola oposa 2 biliyoni pofuna kungoligoneka pansi. Ngalande yoyambayo inamangidwa kulibe lamulo la kauniuni. Ife lamulolo tili nalo, ndiye tilibe chowiringula.

Tikudziwanso kuti malire olembedwa bwino amagwira ntchito. Ku Devils Hole, ku Nevada, kuli phanga la madzi ofunda momwe mumakhala kansomba kabuluu kosaposa chala, kamene sikapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Kamadya ndi kuikira mazira pa mwala umodzi wosazama. Famu yapafupi itayamba kupopa, madzi anatsika mpaka mwalawo unayamba kuonekera. Mu 1976, pa mlandu wa Cappaert, khoti lalikulu la dziko lino linagamula kuti kupopako kuchepe kuti madzi asatsike kupyola mlingo woikika. Chinapulumutsa nsombayo ndi nambala yoti aliyense angathe kukaiyeza pa mwala.

Zaka 31 za paipi ya Las Vegas

Sukulu yathu yaikulu inali nkhondo ya paipi ya Las Vegas. Mu 1989 bungwe la madzi la mzindawo linapereka mapempho oposa 140 ofuna madzi a pansi m'zigwa za kumpoto. Ntchitoyi inadzakhala m'manja mwa Southern Nevada Water Authority, bungwe lokhazikitsidwa mu 1991, limene Pat Mulroy analitsogolera kwa zaka zambiri. Mapulani ake anali a paipi ya makilomita pafupifupi 480, yotakata moti munthu wamkulu n'kuyendamo choimirira, yochokera ku zigwa za Spring, Snake, Cave, Dry Lake ndi Delamar. Mtengo wake, kuphatikiza chiwongoladzanja, unawerengedwa kuti udzaposa madola 15 biliyoni. Mu 2004 nyumba ya malamulo ya dziko inapatula kale mbali ya njira yoti paipiyo idzadutse, kauniuni asanayambe n'komwe.

Taganizani za chigwa cha Spring. Kummawa kwake kuli mapiri a Great Basin National Park, kumene kuli mitengo ya bristlecone ya zaka zoposa 4,000. Pansi pa chigwacho pali nkhalango yodabwitsa ya mitengo ya mtundu wa mkungudza imene nthawi zonse imamera m'mapiri, koma pano inamera pachidikha chifukwa madzi ali pafupi ndi mizu yake. Anthu a mitundu ya Shoshone ndi Goshute amatcha malowa Bahsahwahbee. Ankasonkhana pano kuchita miyambo ndi kupembedza, ndipo pano pomwe makolo awo anaphedwa mwaunyinji mu 1859, mu 1863 ndi mu 1897. Kwa iwo mtengo uliwonse ukuimira munthu amene anagwa pamalopo. Mu 2017 malowa analembedwa m'kaundula wa malo a mbiri ya dziko. Mitengo imeneyi ili moyo chifukwa cha madzi omwewo amene paipi inkafuna. Munthu angalipire bwanji mtengo wotere ukauma? Angaudzale kuti wina?

Mu Malichi 2012 mkulu wogawa madzi ku Nevada, Jason King, analola bungwelo kutunga malita oposa 100 biliyoni pachaka. Mu Ogasiti chaka chomwecho BLM inatulutsa chikalata chake chomaliza cha kauniuni, ndipo mu Disembala inavomereza njira ya paipi. Chikalatacho chinali cha masamba zikwizikwi. M'kati mwake munalembedwa poyera kuti akasupe mazanamazana, mitsinje ndi madambo zidzakhala pachiopsezo. Komabe paipi yaikulu anaiunika mwatsatanetsatane, pamene zitsime zenizenizo, malo ake ndi kuchuluka kwake, anati zidzaunikidwa m'tsogolo, gawo ndi gawo. Ndani angakane chilolezo cha zitsime madola mabiliyoni atakwiriridwa kale pansi?

Anthu sanagone. Oweta ziweto, mafuko a eni nthaka, maboma a madera a White Pine ku Nevada ndi Millard ku Utah, mpingo wa Latter-day Saints umene uli ndi famu ya ng'ombe m'chigwa cha Spring, ndi magulu oteteza chilengedwe, ambiri mwa iwo kudzera mu Great Basin Water Network, anawerenga masamba aja, analemba zotsutsa, anapita kumakhoti. Mu 2010 khoti lalikulu la Nevada linali litalamula kale kuti mwayi wotsutsa utsegulidwenso, poti mapempho a 1989 anagonekedwa nthawi yaitali ndipo anthu ambiri okhudzidwa sanamvedwe. Mu 2013 bwanamkubwa wa Utah, Gary Herbert, anakana kusainira pangano logawana madzi a chigwa cha Snake. Mu Disembala 2013 woweruza Robert Estes anabweza zilolezo za madzi. Anapeza kuti ngakhale patapita zaka 200, kupopa kwa m'chigwa cha Spring kudzakhala kukudyabe nkhokwe, ndiponso kuti ndondomeko yoyang'anira ndi kukonza inalibe mlingo womveka wonena tsiku limene kupopa kuyenera kuchepetsedwa. Mu 2017 woweruza wa khoti la boma lalikulu, Andrew Gordon, ngakhale anavomereza mbali zambiri za kauniuni wa BLM, anabweza nkhaniyo ku nthambiyo kuti ikafotokoze momwe madambo ndi malo a nyama owonongeka adzabwezeretsedwere. Mu 2018 mapempho a madzi anakanidwa. Mu Malichi 2020 Estes anagamulanso motsutsa ntchitoyo, ndipo mu Meyi 2020 bungwelo linaiika pambali.

Zaka 31. Ena amene anayamba nkhondoyi ali anyamata anaimaliza ali agogo, ena anatsikira kulichete isanathe. Ndipo taonani chimene chinachitika mumzinda umene ankati udzafa ndi ludzu. Las Vegas, imene imapeza pafupifupi madzi ake onse mumtsinje wa Colorado kudzera m'nyanja ya Mead, inalipira anthu kuti azule kapinga, imayeretsa madzi a m'nyumba n'kuwabwezera m'nyanja, ndipo mu 2021 Nevada inakhazikitsa lamulo lothetsa kapinga wongokongoletsa m'misewu ndi m'malo a malonda. Kuyambira 2002 anthu awonjezeka ndi oposa 700,000, koma madzi amene derali limatenga mu Colorado achepa. Madzi amene ankawafuna kutali anali pakhomo pomwepo.

Moto sunazime

Kuti paipi imodzi yagonja sizitanthauza kuti tagona tulo. M'chipululu cha Mojave ku California, kampani ya Cadiz yakhala ikufuna kupopa malita pafupifupi 62 biliyoni pachaka kwa zaka 50 n'kugulitsa ku mizinda. Kampaniyo imati madzi olowa pansi m'derali ndi malita pafupifupi 39 biliyoni pachaka. Akatswiri a boma a United States Geological Survey anawerengera pakati pa 2.5 ndi 12 biliyoni. Manambala osiyana chonchi akanayenera kuimitsa aliyense. Koma kauniuni wa chigawo, wovomerezedwa mu 2012, anatsogoleredwa ndi Santa Margarita Water District, bungwe lomwe linali m'gulu la ogula madziwo. Ndipo pofuna kupewa kauniuni wa boma lalikulu, njira ya paipi ya makilomita 69 inalembedwa m'mphepete mwa njanji, potsamira lamulo la njanji la 1875. Mu 2015 BLM inati chilolezo n'chofunika. Mu 2017 utsogoleri utasintha inati n'chosafunika. Mu 2019 woweruza George Wu anathetsa kusinthako. Mu Disembala 2020 BLM inalolanso kuti paipi yakale ya gasi isanduke ya madzi popanda kauniuni wathunthu, ndipo mu 2022 khoti linafafaniza chilolezocho. Pafupi ndi malowa pali kasupe wa Bonanza, wamkulu kuposa onse m'malo otetezedwa a Mojave Trails, kumene nkhosa za m'mapiri zimamwa ndipo a Chemehuevi amakulemekeza. Akatswiri akutsutsanabe ngati kasupeyu amamwa m'nkhokwe yomweyo. Pamene pali mtsutso wotere mpamene kauniuni woima payekha amafunika koposa.

Ku Utah, bungwe la madzi la dera la Cedar City likufuna malita oposa 18 biliyoni pachaka kuchokera m'chigwa cha Pine, kudzera m'paipi ya makilomita oposa 100 yodutsa pa malo a BLM, ndipo chikalata choyamba cha kauniuni chinatuluka mu Januwale 2022. Chigwa cha Cedar chapopedwa mopyola muyeso mpaka nthaka inatsika n'kung'ambika ming'alu m'tauni ya Enoch. Anthu a dera la Beaver ndi a mtundu wa Paiute akufunsa funso loyenera: kodi mankhwala a chigwa chodwala ndiwo kudwalitsa chinzake?

Pamene tikulimbana ndi zonsezi, khomo lathu lija likuchepetsedwa. Mu 2023 nyumba ya malamulo inaika malire oti chikalata cha kauniuni chisapyole masamba 150, kapena 300 pa ntchito yovuta kwambiri, ndipo chithe pa zaka ziwiri. Mu 2025 malamulo a kayendetsedwe ka NEPA amene nthambi zonse zinkatsatira kuyambira m'ma 1970 anachotsedwa. Mu Meyi chaka chomwecho, pa mlandu wa njanji ya ku Utah wotchedwa Seven County, khoti lalikulu linati makhoti azidalira kwambiri nzeru za nthambi za boma, ndipo nthambizo sizikakamizidwa kuunika zotsatira za ntchito zina zapadera. Sitikana kuti zikalata zifupike. Ifenso tinatopa ndi masamba obisa choonadi m'kuchuluka kwake. Koma tikuchenjeza aliyense amene angayese kunena kuti zitsime ndi ntchito ina yapadera: madzi oyenda m'paipi ndiwo cholinga chonse cha paipiyo.

Zimene tikufuna

Choyamba, kauniuni akhale mmodzi, wa ntchito yonse. Zitsime, mapampu, mawaya a magetsi, misewu ndi paipi ziunikidwe limodzi, chilolezo chilichonse chisanaperekedwe. Mwini ntchito amene sakudziwa pomwe adzakumbe zitsime sanakonzeke kupempha njira.

Chachiwiri, malire a kauniuni atsatire madzi. Madzi a pansi sadziwa malire a chigawo kapena a dera. Kulikonse kumene kutsika kwa madzi kungafike, ngakhale ndi tsidya lina la phiri, kulowe m'chikalata, ndipo anthu a kumeneko amvedwe.

Chachitatu, nthawi yowerengera ifike pamene kupopa ndi kulowa kwa madzi zidzalingane. Ngati kulingana koteroko sikudzafika, chikalata chinene mosapita m'mbali kuti uku ndi kukumba madzi ngati mgodi, ndipo pempho likanidwe.

Chachinayi, wogula ndi wogulitsa madzi asakhale wounika. Miyeso yonse, zotsatira za zitsime zoyesera ndi mawerengero a pakompyuta ziikidwe poyera kuti katswiri aliyense aziyese. Manambala a mwini ntchito akasiyana ndi a akatswiri oima paokha, boma ligwire nambala yoteteza chigwa.

Chachisanu, malire alembedwe m'manambala chilolezo chisanatuluke: madzi akatsika kufika apa, pa chitsime choyezera ichi, mapampu azima, popanda msonkhano kapena kukambirana. Zitsime zoyezera zikhale pafupi ndi mapampu kuti chenjezo lifike nthawi ikadalipo. Ndalama zokonzera zowonongeka zisungidwe kaye pambali, m'manja mwa wina.

Chachisanu ndi chimodzi, mafuko a eni nthaka ndi maboma paokha, ndipo alankhulidwe monga maboma kuyambira tsiku loyamba, mapulani asanajambulidwe. Akanena kuti malo ena ndi opatulika ndipo sangasinthanitsidwe ndi chilichonse, mawu amenewo akhale ndi mphamvu yosintha chigamulo.

Chachisanu ndi chiwiri, kusamala madzi kuunikidwe ngati njira yeniyeni, ndi mtengo wake ndi malita ake, pambali pa paipi. Mzinda usonyeze kaye kuti watseka mapaipi odontha, wasiya kuthirira kapinga wopanda ntchito, ndipo ukugwiritsanso ntchito madzi ake, usanatambasule dzanja ku chigwa cha ena.

Chachisanu ndi chitatu, pasakhale njira zachidule. Lamulo lakale la njanji, paipi yakale ya gasi kapena chilengezo cha ngozi zisakhale zenera lolowera pothawa khomo. Misonkhano ichitike m'zigwa momwemo, pa nthawi imene mlimi angathe kusiya ziweto n'kubwera, ndipo anthu apatsidwe masiku okwanira kuwerenga ndi kuyankha.

Pamwamba pa zonse, udindo wotsimikizira ukhale pa wopopa. Mayi woweta nkhosa asakakamizidwe kulemba ntchito katswiri ndi ndalama zake kuti atsimikize kuti kasupe wake adzauma. Wofuna madziwo ndiye atsimikize kuti sadzauma.

Kwa anzathu, ndi lonjezo lathu

Inu a ku Las Vegas, ku Los Angeles ndi ku Cedar City, sitinu adani athu. Ngongole ya paipi idzalowa m'mabilu anu a madzi, ndipo fumbi la zigwa zouma lidzalowa m'zifuwa za ana anu. Funsani mabungwe anu a madzi kuti ntchito zimenezi zidzadya ndalama zingati, ndiponso kuti madziwo ndi akumwa anthu amene alipo kapena ndi otsegulira malo atsopano omanga nyumba zogulitsa.

Inu ogwira ntchito ku BLM, akatswiri a madzi, a nyama ndi a zakale, tikudziwa kuti ambiri mwa inu mumalemba zoona ngakhale mukupanikizidwa. Pitirizani. Chiganizo chimodzi choona m'chikalata chimatha kupulumutsa chigwa patapita zaka 10, chikafika pamaso pa woweruza.

Inunso abale a kutali amene mukuwerenga mawu awa, nkhaniyi simlendo kwa inu. Mu 2017 bungwe la maloya la Malawi Law Society linapita kukhoti pa ntchito ya mapaipi otenga madzi a m'nyanja ku Salima kupita ku Lilongwe, likufunsa chifukwa chake ntchito iyambe kauniuni wa chilengedwe asanachitike. Madzi ake anali a panyanja, athuwa ndi a pansi, koma funso ndi lomwelo: tiyambe taona, kenako tikumbe.

Ife tikulonjeza izi. Tidzayeza akasupe athu tokha, mwezi ndi mwezi, n'kulemba m'mabuku, kuti pasadzapezeke wonena kuti anali ouma kale. Tidzawerenga chikalata chilichonse mpaka kumapeto, pogawana mitu, poti mutu umodzi susenza denga. Tidzalemba ndemanga zokhala ndi mayina a akasupe, manambala a masamba ndi mafunso oti sangathe kuwalumpha. Tidzadzaza maholo a misonkhano. Tidzaphunzitsa achinyamata athu kuwerenga mapu a madzi, chifukwa ntchito zimenezi zimatha kudikira m'badwo wotsutsa kuti ukalambe. Woweta ng'ombe adzaima ndi Mshoshone pa nkhani ya mitengo yopatulika, ndipo Mshoshone adzaima ndi woweta ng'ombe pa nkhani ya dambo lodyetsera. Chigwa chimodzi chikaopsezedwa, zigwa zonse zidzayankha. Makhoti akafunika tidzapita, ndipo akatibweza tidzapitanso.

Aliyense amene akugwirizana nafe ayambe sabata ino. Pezani chitsime kapena kasupe amene banja lanu limadalira, yezani mlingo wake, lembani tsiku. Funsani ku ofesi ya BLM ya kwanuko kuti ndi mapempho ati a njira za mapaipi amene ali pa tebulo, ndipo mulembetse dzina lanu kuti muzidziwitsidwa. Itanani anansi anu, makamaka amene simugwirizana nawo pa ndale, muwerenge chilengezochi pamodzi. Chikalata chotsatira cha kauniuni chikadzatuluka, chidzatipeze tili ndi manambala athu m'manja, tili ambiri, ndipo tikudziwa chofunsa.